Kompyuta ya malume ndi tupa

Ife adzukulu a anthu aja anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito kuno m'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, tinakulira mu Mbare tikudziwa kuti ku msika wa Siyaso kulibe chosapezeka. Geti, wilibala, injini ya galimoto, zonse mbwee. Koma pa kompyuta, kupezeka kwa chinthu ndi nkhani ina, kukwana kwake ndi inanso.

Malume anga a ku Matapi ali ndi Dell OptiPlex, zija zotsika m'maofesi. Ataona kuti yayamba ulesi anapita kukagula RAM, n'kuuza wogulitsa kuti akufuna yatsopano, yamphamvu. Anawapatsa DDR4. Makina awowo ndi a DDR3. Kamphako ka pakati sikanagwirizane ndi kachitunda ka m'malo molowetsamo, ndipo opanga anachitira dala kuti anthu ngati malume asawotche zinthu. Ndinawapeza pakhomo atagwira tupa.

"Malume, mukutani?"

"Mphwanga, azunguwa anaphonya pobowola. Ndikuwakonzera."

Ndinawafotokozera kuti DDR3 ili ndi timano 240, DDR4 ili ndi 288, ndipo ngakhale mphamvu ya magetsi imene zimadya ndi yosiyana. Anandiyang'ana mondimvera chisoni. "Ndiye wa mano ambiri akanike bwanji kudya pamene wa mano ochepa akudya?"

RAM ija pano ndi yopalira utoto pazenera.

Alamu anga ndiye anafika patali. Anaitanitsa graphics card ku Johannesburg kuti azisewera mpira wa pa kompyuta, ndipo anakaidikira pa Mbare Musika kuyambira mbandakucha, pakati pa madengu a matimati ndi anyamata a ngolo. Kufika nayo kunyumba, khadi yaitali kuposa bokosi! Makina a muofesi opyapyalawa amafuna khadi yaifupi, ndipo power supply yake nthawi zambiri imangozungulira mawati 240, yopanda ndi pulagi ya timabowo 6 imene makhadi akuluakulu amayamwirapo. Munthu wina akanabweza. Alamu ananyamula bokosi pamutu ulendo ku Magaba, wowotcherera analicheka m'nthiti, power supply ina anaimangirira kunja ndi waya. Khadi inatsala ikusuzumira panja, ndipo achemwali anga anaifunditsa kansalu koluka kuti alendo asamafunse.

Mwezi wathunthu alamu akuitana anzawo. "Taonani udzuwo! Mukuona thukuta la osewera?" Mpaka kunabwera kamwana ka sukulu, n'kusuzumira kuseli: "Ankolo, waya wa sikirini mwausiya pa bowo lakale la motherboard. Khadiyi sinayambe ntchito." Anzawo aja, amene ankavomereza za thukuta, anayamba kutsanzika mmodzimmodzi.

Wina wa ku Nenyere anamva kuti pamwamba pa purosesa amapakapo phala loyera lochotsa kutentha. Anapakapo mankhwala otsukira mano. Kompyuta inkazima yokha pakangopita kanthawi, koma m'nyumba monse munkanunkhira bwino.

Nkhani ya purosesa ndiye imandimvetsa chisoni, chifukwa ndalama zake n'zambiri. Msuweni wanga anagula Ryzen ya AMD, ija ya soketi ya AM4, yokhala ndi timano kumimba. Motherboard yake ndi ya Intel, LGA 1155, imene timano tili m'soketimo. Timano uku, timano uko. Anakanikiza ndi chala chachikulu mpaka tonse tinagona ngati mapira owombedwa ndi mphepo. Agogo, amene sanakhudzepo kiyibodi chibadwire, anafunsa chachitika n'chiyani. Atamva anangoti: "Kodi munatuma ankhoswe kukafunsa ngati mabanjawa amakwatirana?" Ndipo ankhoswe ake ndi otchipa: kujambula pa foni dzina lolembedwa pa motherboard, kapena kuika chitsulo chakalecho m'thumba popita ku Gulf Complex m'tauni. Koma amuna a ku Mbare kunyamula chitsanzo amati n'kudzichotsa ulemu.

Microsoft itasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, mayi wina wogulitsa anyezi pa Musika anatuma mwana wake kukagula makina oti alandire Windows 11. Mnyamata anabwera akuyenda monyang'wa: Core i7! Kungoti inali i7-2600, ya mu 2011, pamene Windows 11 imafuna Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ka i3 ka m'badwo umenewo kakanaloledwa, chi i7 chachikulirecho ayi. Atabwerera kukadandaula, wogulitsa anati, "i7 ndi i7, mfana." Mayi aja anadzipitira okha. "Chabwino bambo. Ndili ndi anyezi wa chaka chatha kunyumba. Anyezi ndi anyezi. Ndikulipireni ameneyo?"

Amene anagula chokwana ndi mlembi wa mpingo wathu yekha. Anachotsa hard drive yakale n'kuikamo SSD ya SATA, imene imalowa pa waya yemweyo popanda tupa kapena wowotcherera. Lamulungu lotsatira ndinawapeza nkhope ili gwaa.

"Bwanji abambo, yakana?"

"Yavomera mopitirira. Kale ndinkaiyatsa, n'kukatereka tiyi, kumwa, kubwera ikadaganiza. Pano ndikangodina yayaka kale, ndipo abusa amakhala ataima kumbuyo kwanga ndi malipoti a chopereka."