Ulemu kwa a 3,002, eni nsonga ya Sapitwa

Ku Mulanje kuno kuli akuluakulu ena amene sitiwapatsa ulemu wokwanira. Ndikunena a 3,002, nambala ya mamita a kutalika kwa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, poyeza kuchokera pa nyanja yamchere. M'Malawi muno mulibe malo okwera kuposa pamenepa, koma anthu osayamika amangoti "pafupifupi 3,000", awiriwo n'kuwataya kudzala. Kafunseni mnyamata amene wasenza chikwama cha mlendo kuchokera ku Likhubula ngati mamita awiri omalizawo ndi masewera.

Ukulu wa achikulirewa wagona pa kuumira. Mnzawo 3,000 ndi wopatsa mopusa: kubwere anthu atatu, asanu, khumi, iye amangogawika, ndipo nambala zomugawa popanda chotsala zilipo 32. A 3,002 zimenezo ayi. Agaweni patatu, patsala 2. Panayi, patsala 2. Pasanu, pasanu n'kamodzi, pasanu n'katatu, pakhumi, ka 2 komweko kali njo! Mwana wa sukulu pa Chitakale amafufuta mpaka kope kubooka. Iwo amavomera kugawidwa pawiri, kenako amatseka pakhomo kufikira mutafika pa 19, ndipo mukachulukitsa 2 ndi 19 ndi 79 mwawapeza onse athunthu. Makolo amati ukapeza chakudya cha mizimu m'phirimo uzidya wekha, osaitana mnzako. Mwambo umenewu a 3,002 anausunga kuposa tonsefe.

Ansanje amakonda kutamanda anansi a 3,002. Akuti 3,001 ndi prime, sagawika ndi nambala ina kupatula 1 ndi iye mwini. Akuti 3,003 ndiye dolo: mukaphatikiza nambala zonse kuyambira 1 mpaka 77 mumapeza iyeyo, komanso amapezeka kasanu n'katatu mu thirayango ya Pascal, zimene palibe nambala ina yodziwika yoposa 1 imazichita. Pakati pa otchuka awiriwa, akatswiri a masamu anangowaika a 3,002 m'gulu la nambala zoperewera, poti mukaphatikiza zonse zowagawa kupatula iwo eni, 1, 2, 19, 38, 79, 158 ndi 1,501, mumangopeza 1,798 basi.

Nanga chochititsa manyazi n'chiyani pamenepa? Ndani m'boma lino amene akawonkhetsa zonse ali nazo zimakwana? Mayi wothyola tiyi akawerenga malipiro ake, wogulitsa chinanazi pamsewu akawerenga za tsikulo, onse amaudziwa bwino mtundu wa a 3,002. Ndi mnzathu weniweni, woperewera koma wosagwada.

Ndipo pamene UNESCO inkalemba phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, amene anali pampando pamwambapo ndi iwowa. 3,003 akhale ndi Pascal wake ku France konko. Ngati akulifuna phiri lathuli, asenze yekha mwala wa mita imodzi, akwere nawo.