Wamisala ndani pamenepa?

Minibasi ina inkachokera ku Lilongwe kupita ku Dowa boma itadzaza monga mwa masiku onse: anayianayi pa mpando, thumba la feteleza pamiyendo, nkhuku zitamangidwa miyendo pansi. Itangokhota pa Dowa turn-off, tayala lakumbuyo linaphulika. Phuu! Bambo wina wa ku Dzaleka, amene anathawa nkhondo ku South Kivu, sanadikire kufunsa. Anadziponya pansi pa mpando nkuphimba mutu ndi manja, nkhuku zili kwee kwee m'khutu mwake.

Galimoto itaima, mayi wina anayamba kulalata: "Amenewa mutu sukuyenda bwino! Mwayamba kutikweza ndi amisala tsopano?" Ankalankhula ali panja, atatulukira pawindo, chitenje chitatsalira m'kati. Dalaivala naye anakapezeka m'munda wa chimanga, akuti amafuna mwala wotchingira tayala. Bambo uja anatuluka, nkudzisasa fumbi, nkupepesa aliyense m'Chichewa chosakaniza ndi Chiswahili. Kondakitala anamugwira paphewa nati: "Palibe vuto achimwene, koma pansi pa mpando mtengo wake ndi womwewo."

Onse m'galimotomo anadzidzimuka. Kusiyana kwake nkwakuti enawo pofika pa boma anali ataiwala, pomwe bamboyo usiku umenewo anakagona ku Dowa nkudzukira ku Kivu. Zimenezi madokotala amati PTSD, dzina limene linalowa m'mabuku awo mu 1980 poona asilikali a ku America obwera kuchokera ku Vietnam. Munthu waona zoopsa, wapulumuka, koma thupi silinamve uthenga woti zatha. Amalota zomwezomwezo, masana zimamubwerera m'maso, amapewa malo ndi fungo lomukumbutsa, tulo mulibe, mtima uli pafupi. Zikapitirira mwezi ndi matenda. Thupi lake limakhala ngati alamu ya galimoto ya bwana, yolira ngakhale nkhuku ikangodutsa. Ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo umene unatsegulidwa mu 1994 nkukonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000 koma lero muli oposa 50,000, ma alamu otere ndi ambiri.

*

Si alendo okha. Asilikali athu akhala akupita ku Congo kukasungitsa mtendere, ndipo mu Novembala 2018 anaphedwa 6 kufupi ndi Beni. Mmodzi mwa amene anabwerako bwinobwino ankachokera kutchalitchi ku Mvera tsiku la Khirisimasi, atavala suti yake yatsopano. Ana anaphulitsa khombola kuseri kwa golosale. Munthu wamkulu uja m'ngalande gwa, chafufumimba, chigongono m'matope.

Anthu anayamba kuunjikana. Mkazi wake, mayi wochenjera, anaima pamwamba pa ngalandeyo nafuula: "Bambo a mwana, mwaipeza? Inali K5,000 yathunthu!" Mphindi ziwiri zisanathe, m'ngalandemo munali mkulu wa mpingo, amayi a chigwirizano atatu ndi mnyamata wa kabaza, onse chafufumimba. Msilikali uja anadzuka mwakachetechete nkumapita kwawo. Akuti mkulu wa mpingo anabwereranso madzulo ndi tochi.

*

Mnyamata wina wa ku Malomo, m'boma la Ntchisi, anakwera lole yonyamula fodya kupita ku okushoni ku Kanengo. Loleyo inagubuduzika pa chitunda, mnzake anafera pomwepo, iye anatuluka ndi bala laling'ono pachipumi. Kuyambira pamenepo anakana kukwera chilichonse cha injini. Ku boma ankapita wapansi. Usiku ankakuwa kuti "Gwirani buleki!" mpaka agalu a mudzi wonse kuyankha.

Banja linakhala pansi pa mtengo wa mango. Amalume anati ndi chamba basi, ana a masiku ano. Azakhali anati ayi, pali dzanja la munthu, ndipo ponena zimenezi ankayang'ana nyumba ya mkazi wachiwiri wa mchimwene wawo. Abusa anati ziwanda. Mphunzitsi wopuma ntchito anati mwanayu anawerenga kwambiri pokonzekera mayeso a Fomu 4, ngakhale aliyense ankadziwa kuti sukulu anailekera Sitandade 6. Anagwirizana zoyesa onse, mwadongosolo. Kwa asing'anga kunapita mbuzi ziwiri ndi tambala. Ku mapemphero a kuphiri kunapita belo la fodya. Amalume sanalipiritse kanthu, anangomukwapula.

Pomaliza agogo ake aakazi anamutengera kuchipatala, wapansi onse awiri. Dokotala anamukhazika pampando nafunsa: "Achimwene, chinakuchitikirani nchiyani?" Mnyamata anafotokoza kwa ola lathunthu, misozi ili mbwee, nkhani imene aliyense m'mudzi ankaidziwa koma palibe anamufunsapo. Potuluka agogo anamukoka namwino pambali: "Mwanawe, funso lija ndi ndalama zingati?" Atamva kuti ndi laulere anakhala pansi pakhonde nkuyamba kulira mbuzi zawo.

*

Pachipatala chomwecho, dokotala wachinyamata ankafunsa mkulu wina mafunso a pa fomu.

"Bambo, kodi mumamva mawu amene anthu ena sakuwamva?"

"Kwambiri. Akazi anga akamandinyoza pamaso pa alendo, ndimamva ndekha."

"Nanga mumaona ngati pali anthu amene akukutsatirani?"

"Alipo 14."

Dokotala anayamba kulemba mwachangu. "Mumawadziwa?"

"Ndi a banki m'khonde. Awiri ali panja apo."

Dokotala anasuzumira pawindo. Analipodi, wina atanyamula kope.

Tisekepo, koma mafunso amenewa ndi amene amalekanitsa matenda awiri amene kumudzi timawaika m'dengu limodzi. Wa PTSD akhoza kumva mawu ndithu: mawu a msilikali amene anamulozera mfuti, kapena kulira kwa mwana amene anamusiya panjira. Koma mwini mawuwo amamudziwa, tsiku lake amalidziwa, ndipo kawirikawiri pakapita mphindi zochepa amazindikira kuti ali ku Dowa, osati ku Kivu. Wa psychosis, amene ndiye timamutcha wamisala, amakhulupirira ndi mtima wonse kuti wailesi ikukamba za iye, kapena kuti maganizo ake akubedwa, nkhani zake zimabalalika, ndipo mukamutsutsa ndiye kuti inunso muli m'gulu la adaniwo.

Chovuta nchakuti awiriwa amayenderana. Akatswiri anapeza kuti anthu amene anazunzidwa kapena kuona zoopsa ali ana amadwala psychosis kwambiri kuposa anzawo, ndipo ena amadwala zonse ziwiri nthawi imodzi. Munthu amene anathawa anthu omusaka zenizeni, nkukhala zaka zambiri osagona, tsiku lina akhoza kuyamba kuona omusakawo mwa wogulitsa tomato. Onjezerani kachasu ndi chamba zimene ambiri amathawirako kuti apeze tulo, ndiye dokotala ali ndi ntchito. Mankhwala akenso ndi osiyana. Wa psychosis amathandizidwa ndi chlorpromazine kapena haloperidol. Wa PTSD amafuna munthu wophunzira wokhala naye pansi mobwerezabwereza, nthawi zina ndi mapiritsi ngati fluoxetine. Kumpatsa chlorpromazine munthu amene akungokumbukira nkhondo ndi kumugoneka chabe. Akadzuka nkhondo ija ili pomwepo, iye khosi litauma.

*

Ku Dzaleka bungwe la Jesuit Refugee Service lili ndi alangizi othandiza anthu otere. Amakamba za mlangizi wina amene anauza mzibambo wa ku Burundi kuti: "Tsinzinani, pumani pang'onopang'ono, ganizirani malo amene mtima wanu umakhala pamtendere. Muli kuti?"

"Canada."

"Koma ku Canada simunapiteko."

"Nchifukwa chake kuli mtendere."

*

Ku Mponela mwini golosale wina ankadzitama ndi mlonda wake. "Uyu sagona ayi. Khoswe akadutsa wadzuka. Tsamba likagwera padenga wafika kale ndi chikwanje." Anzake ankachita nsanje, wina mpaka anafuna kumuba pomuwonjezera malipiro. Zimene bwanayo sankadziwa nzakuti mlondayo anapulumuka pamene mbava zinathyola sitolo ina nkupha mnzake iye akuona. Ngakhale masana kunyumba sankaona tulo. Ankakhala chotsamira khoma, maso ali pachitseko, mwana akagwetsa mbale iye wagwira kale mpini.

Mkazi wake atatopa anamutengera kuchipatala. Patapita miyezi ingapo akupita kukacheza ndi mlangizi, munthu anayamba kugona ngati anthu. Usiku wina bwana anabwera mwadzidzidzi nkumupeza ali mkonono, chikwanje atatsamira. M'mawa mwake bwana ali pachipatala, nkhope itafiira.

"Ndani wandiwonongera mlonda?"

"Bambo, munthuyo akuchira," anatero namwino.

"Akuchira chiyani? Anali bwinobwino!" Anaganiza pang'ono, nkutsitsa mawu. "Chabwino. Pa mzerepo palibe wina amene simunamuyambe?"

*

Dzaleka isanakhale msasa inali ndende nthawi ya Kamuzu, ndipo a Mboni za Yehova ambiri anatsekeredwa kumeneko m'zaka za m'ma 1970 chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mantha a masiku amenewo adakali m'mapiri muno, kungoti eni ake sanapitepo kuchipatala. Gogo wina wa kufupi ndi Kongwe anamenyedwa ndi ayufi pamsika, mkazi wake akuona, chifukwa choiwala khadi kunyumba. Mpaka lero akamva kulira kwa Land Rover amazembera kuseri kwa nkhokwe, ndipo khadi lija amayenda nalo m'thumba la malaya, atalikulunga m'pepala la shuga. Adzukulu amangoti agogo anazungulira.

Mu 2021 minibasi imene anakwera inaimitsidwa pa rodibuloko. Wapolisi anafuna ziphaso. Agogo, manja akunjenjemera, anamasula pepala la shuga nkupereka khadi lofumbwa, tambala wake akuonekabe.

"Agogo, izitu zinatha mu 1994."

"Nanga akulamula pano ndani?"

Wapolisi anakanda mutu. "A Kongeresi."

"Bweretsa khadi langa, mwana iwe."

*

Chimene chimandisekesa ine ndi chakuti anthu omwe amagwa pansi tayala likaphulika amaima nji ng'oma za Aburundi zikamagunda pa chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayamba ku Dzaleka mu 2014, chikhalirecho ng'oma zimenezo zimagwedeza nthiti. Phokoso lodziwika kumene likuchokera silivuta. Chovuta ndi kugogoda pachitseko m'bandakucha, ngati kumene kunachitika mu Meyi 2023 pamene boma linasonkhanitsa othawa kwawo m'matauni nkuwabwezera ku msasa pa malole. Pamenepo nthabwala ndilibe.

*

Kuseri kwa phiri la Ntchisi kunali bambo wina amene anadwaladi psychosis. Ankati nyerere zikumutumizira mauthenga a boma, ndipo tsiku lina anagwetsa nkhokwe yake pofuna kupeza mawaya. Abale anasonkhana amuna asanu. Mlamu wake, wodziwa kumanga ng'ombe, anamukhalira pamsana nkumumanga manja ndi miyendo ndi chingwe cha khonje. Anamusunga chomangidwa m'kanyumba kamdima masiku angapo, kenaka pa ngolo mpaka pamsewu, kuchoka apo ku Bwaila, mapeto ake ku Zomba Mental Hospital. Anthu ambiri odwala psychosis amanyamula mantha a mmene anagwidwira, ndipo ena amathera mu PTSD chifukwa cha chingwecho.

Anabwerako patapita miyezi atachira, atanenepa, mapiritsi akumwa osadumphitsa. Nyerere zinakhala nyerere. Munda analima, mtedza anakolola matumba. Koma akaona chingwe thukuta linkatuluka. Mbuzi anasiya kumanga, zovala ankayanika pa udzu, nsapato anagula zopanda zingwe. Usiku ankadzuka akukuwa kuti amumasule.

Tsiku lina mlamu uja anabwera kudzacheza, chingwe cha ng'ombe chili paphewa pochokera kudambo. Bamboyo atangomuona analumpha mpanda wa bafa nkukaima patali. Mlamu anapukusa mutu mwachisoni nauza mlongo wake: "Matenda aja abwereranso. Itanani anyamata."

Bamboyo anayankha ali kuseri kwa mpanda: "Alamu, misala inatha kalekale. Chimene sichinathe ndi inu."

Anyamata anali atafika kale. Anayang'ana bamboyo, nkuyang'ana mlamu, nkuyang'ananso chingwe. Wamng'ono mwa onse anafunsa: "Ndiye timange ndani?"