Nyanga Pamutu pa Bedi

Kalipentala atanditchulira mtengo wa thabwa limodzi la paini, ndinamufunsa ngati thabwalo likubwera ndi misomali yake, vanishi ndi munthu wokhoma. Anati ayi, ndi thabwa lokha, laliwisinso, kuumitsa n'kwanga. Ndinamukumbutsa kuti paini amamera konkuno, sakwera sitima ya pamadzi, ndipo dola saidziwa. Anandiyang'ana mondimvera chisoni n'kunena kuti chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse m'dziko muno dola chikuidziwa, ngakhale bonongwe womera yekha kuseri kwa bafa.

Matabwawo sikuti wowafuna ndinali ine. Zofuna zanga padziko pano n'zochepa: nsima yotentha, wailesi yokhala ndi mabatire, ndi kuti munthu asandidzutse Loweruka. Owafuna anali mayi a kunyumba. Iwowa anaona pa Facebook zithunzi za nyumba zogona alendo za kumapiri a Alps, cha ku Tyrol m'dziko la Austria ndi ku Bavaria m'dziko la Germany, ndipo chigamulo chinaperekedwa chopanda apilo: chipinda chathu cha alendo chioneke chimodzimodzi. Chipinda chake ndi chija mumasungidwa matumba a chimanga, njinga yakufa, ndi mlamu wanga amene anabwera kudzagona usiku umodzi chaka chatha, chimanga chisanamasule.

Zithunzizo ndinaziona, ndipo kukongola n'zokongoladi. Khoma matabwa, kudenga matabwa, pansi matabwa, moti ukalowa sudziwa ngati uli m'chipinda kapena m'kabati. Pabedi pali duveti lofufuma la nthenga za atsekwe, lovekedwa nsalu ya timabokosi tofiira ndi toyera. Pambali pali kabati yojambulidwa maluwa, pamwamba pake palembedwa chaka, chifukwa kale mkwatibwi ankalowa nayo m'banja itadzaza nsalu. Mpando ndi wa thabwa, chotsamira chake chobooledwa kamtima. Pakona pali chimphona cha ng'anjo ya matailosi obiriwira imene eni ake amati Kachelofen. Pakhoma papachikidwa belu la ng'ombe pa lamba wachikopa. Ndipo pamutu penipeni pa bedi, pamene munthu woopa Mulungu amaika kalendala ya kutchalitchi, pali nyanga.

Ndinayesa kuunikira. "Amayi, anthu awa sakuchita izi chifukwa cha fasho. Kwawoko chipale chofewa chimakwirira mudzi miyezi yathunthu. Matabwa ndi otchinga kuzizira, mawindo ndi aang'ono kuti kutentha kusathawe, ng'anjo ija amaisonkhezera m'mawa n'kumafunditsa nyumba mpaka madzulo. Belu ndi loti ng'ombe ikasochera kubusa pamwamba pa phiri aimve kumene ili, ndipo mu September amazitsitsira kumudzi atazikongoletsa ndi maluwa kumutu. Ife tikukhala ku Machinjiri, ng'ombe tilibe, ndipo uno ndi October."

"Abambo," anatero, "inu vuto lanu simukonda zabwino."

Mlandu unathera pomwepo.

Poti thumba silinama, tinagwirizana kuti Alps wathu akhale wa khoma limodzi. Makoma atatu otsalawo akadali ku Malawi. Ng'anjo ya matailosi inasanduka mbaula yopakidwa penti wobiriwira, yoletsedwa kuona khala. Duveti tinalipeza pa kaunjika ku Limbe, ndipo wogulitsa analumbira kuti lachokera ku Switzerland, ngakhale kansalu ka m'mphepete mwake kankatchula dziko lina. Belu tinamasula panjinga yakufa ija. Kamtima ka pampando kalipentala anakaboola modzipereka, kungoti aliyense wolowa amafunsa kuti papayayo akutanthauza chiyani.

Zonsezi zinali zopiririka. Nkhani inali pa nyanga.

Anzathuwo nyanga sazivutikira. Mbawala zikuluzikulu za m'nkhalango zawo, zamphongozo, zimagwetsa zokha nyanga chaka ndi chaka nyengo yozizira ikamatha, n'kumeretsa zina. Alenje nawo akapha nyama amakhomera nyanga pakathabwa n'kulembapo tsiku ndi malo. Kuno gwape nyanga zake amafa nazo, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 limafika zaka 30 kundende ngati nyamayo ili m'gulu lotetezedwa kwambiri. Banja ndimalikonda, koma osati mpaka kukagona ku Chichiri chifukwa cha zokongoletsa. Choncho ndinapita kwa mnyamata wa kanyenya pamsika kukapempha nyanga za tonde.

Anasiya kutembenuza nyama. Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Bwana, ndi za bizinesi kapena za m'banja?"

Ndinati ndi za kuchipinda cha alendo.

"Eee," anatero, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Alendo ena amafunikadi zimenezo." Ndalama anakana. Chiyambire tsiku limenelo ndikagula kanyenya amandiwonjezera nthuli ndisanapemphe.

Nyangazo ndinaziwiritsa, kuzipala, kuzipaka vanishi, n'kuzikhomera pakathabwa kosemedwa bwino monga chithunzi chinkaonetsera. Ndinalembaponso tsiku ndi malo, kutsata mwambo wa alenje a ku Tyrol. Akatswiri a m'dera lathu akuti nyanga yolembedwa deti ndi yoopsa kuposa yosalembedwa, chifukwa ndiye kuti ili ndi pangano.

Woyamba kuziona anali mlamu. Munthu amene anapirira soya wa m'mawa ndi madzulo, kubisiridwa rimoti, ndi nyimbo zonse zokuluwika zimene ndinkaimba posamba, anapakira chikwama chake madzulo omwewo. Anati wakumbukira kuti kumudzi kuli zoumba njerwa. Ya thiransipoti sanapemphe, chinthu chimene sichinachitikepo m'mbiri ya fuko lawo.

Kenako kunabwera apongozi, amene chipindacho kwenikweni chinkakonzedwera iwo. Anaima pakhomo, nsonga ya chitenje ili kukamwa. Ine ndinali pakhonde, poti mkamwini saima pafupi, koma nyumba za lendi sizisunga chinsinsi.

"Mwana wanga, amuna akowa ayamba liti zimenezi?"

Mayi a kunyumba anafotokoza kuti ndi sitayilo ya ku Ulaya, n'kuwaonetsa pafoni chipinda chodyera cha nyumba ina ya alendo ku Tyrol: khoma lonse nyanga zokhazokha, zazikulu pamwamba, zazing'ono m'munsi, mizeremizere mpaka kudenga. Apongozi anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"N'chifukwa chake ali olemera," anatero. Anagona pabalaza, pamphasa, nyali ili chiyakire.

Wolimba mtima anali amalume anga, amene amati chibadwire sanaopepo kanthu kupatula jakisoni. Analowa, nyanga anazipatsa moni, n'kugona. Mayi a kunyumba anawachonderera kuti afunde duveti, apo ayi sitayilo siioneka. Tangoganizani: usiku wa October, pansi pa malata, mawindo otseka chifukwa cha udzudzu, munthu wamkulu ali mkati mwa nthenga zokonzedwera anthu a kuchipale. Anadzuka tambala asanalire, thukuta lili kamukamu, akuti alota akuphikidwa mumphika wa maliro ndipo wovundula anali ndi nyanga. Tiyi anakana. Kutacha mayi a kunyumba anayanika duvetilo pawindo, monga amachitira ku Alps m'mawa uliwonse, ndipo aneba ataliona lili chonyowa anamaliza okha nkhani yonse. Kumudzi kwathu pano akuti m'nyumba mwanga alendo amafinyidwa usiku.

Lamlungu lotsatira kunafika akulu a mpingo, akuti akungodutsa, ngakhale nyumba yathu ili kumapeto kwa msewu wosatulukira. Ndinawalandira ndi umboni. Ndinawauza kuti anthu a ku Tyrol ndi Akatolika olimba, ndipo m'chipinda chawo chochezera mumakhala kona yapadera ya mtanda, yotchedwa Herrgottswinkel, pamwamba pa tebulo lodyera. Mtanda uku, nyanga uko, palibe amene amakomoka. Mkulu wina anapukusa mutu n'kuti, "Ndiye kuti akudyera kuwiri." Anapemphera motalika ndithu, maso ali chitsegulire, atalunjika kumutu kwa bedi.

Lamulo la zaufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito mpaka lero, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, choncho palibe amene wanditchula. Amangondipatsa moni ndi manja awiri. Wa golosale anaiwala ngongole yanga ya shuga. Ana amene ankandithera mango asiya, ndipo mpira wawo ukagwera mumpanda mwanga amangomanga wina. Koma kukada pawindo pamamveka kugogoda. Wina foni yake yabedwa. Wina akufuna kukwezedwa pantchito. Wina timu yake ikutuluka mu ligi. Ndimawauza onse kuti izi ndi zokongoletsa chabe, nzeru yake ndi ya ku Austria. Amati, "Tamva, bwana. Zakunja ndiye zamphamvu."

Mayi a kunyumba dandaulo lawo ndi lina: chipinda sichikununkhira. Anawerenga kuti chipinda chenicheni cha ku Alps amachikuta ndi paini wina wa kumtunda, amene ku Austria amati Zirbe ndipo ku Switzerland amati Arve, wa fungo lokhalitsa m'thabwa zaka zambirimbiri. Ogulitsa mabedi ake amati kafukufuku wina wa ku Austria anapeza kuti wogona pabedi lotere mtima wake umachepetsa kugunda ndi 3,500 pa tsiku. Kaya. Ine kugunda kumeneko ndinakumaliziratu tsiku lija kwa kalipentala. Paini wathu akununkha vanishi, ndipo dzuwa likafika paliwombo nyanga zimakumbutsa aliyense kuti mwini wake anali tonde.

Mtengo wawowo umamera kuyambira cha m'mamita 1,500 mpaka kupitirira 2,000, kumene mitengo ina yagonja, ndipo umakula mochedwa moti wodula lero akudula zimene zinamera agogo ake asanabadwe. Wobzala wake wamkulu ndi mbalame. Imakwirira njere pansi kusungira nyengo yozizira, zina n'kuziiwala, ndipo zoiwalidwazo ndizo zimasanduka nkhalango. Mbalame yoiwalaiwala imeneyi ikutiposa ife amene chaka chilichonse timatsegulira nyengo yobzala mitengo ndi matenti, magule ndi fosholo yomangidwa riboni, mbande n'kudyedwa ndi mbuzi alendo olemekezeka asanafike pa tala. Sindikukayika kuti tonde wanga uja anadyako zingapo.

Apa ndiye mano ndimabisa. Mtengo wonunkhira wa pamwamba pa phiri, wosadyedwa ndi chiswe, ifenso tinali nawo: mkungudza, womera wokha ku Mulanje basi padziko lonse, umene mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko. Pofika 2017 owerenga anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonse lija. Ku Chikangawa kunali mahekitala 53,000 a paini, wobzalidwa kudikira fakitale ya mapepala ya ku Chintheche imene sinamangidwe. Tinamutentha, tinamucheka, malole n'kumatuluka naye m'dziko usana ndi usiku. A ku Switzerland nawonso mapiri awo anawametapo. Madzi osefukira a 1868 atawaphera anthu ndi kuwakokololera midzi, mu 1876 anakhazikitsa lamulo la nkhalango za m'mapiri, n'kulitsatiradi, ndipo nkhalango zinabwerera. Ife namondwe wa Freddy anagumulira phiri la Soche pamitu ya anthu a ku Chilobwe mu March 2023. Lamulo la nkhalango tili nalo chiyambire 1997, tinalinolanso mu 2020, koma matumba a makala akulowabe mumzinda m'mawa uliwonse, kudutsa marodibuloko onse, ndipo ogula ndife tomwe. Chimene mayi a kunyumba anasirira pachithunzi chija si kabati kapena duveti ayi. Anasirira dziko limene silinamalize mitengo yake, ndipo chimenecho pa kaunjika sichipezeka.

Pano iwowa akuti nyanga zichoke, chifukwa chipinda cha alendo chopanda mlendo wochiyamikira n'kutaya ndalama. Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'banja, ndakana. Ndawauza kuti sitayilo ndi sitayilo, munthu sasankha za kumtima kwake zokha, ndipo ngati n'kotheka ndikufuna kuwonjezera za nkhosa pamwamba pa chitseko.

Dzulo kunabwera eni nyumba, kalata yokweza lendi ili m'manja. Chitseko cha chipinda cha alendo chinali chotsegula, mwangozi, monga chimakhalira masiku onse akumapeto kwa mwezi. Anasuzumira, kalata ija n'kuipinda kawiri, n'kuilowetsa m'thumba la kumbuyo. Anafunsa za thanzi la ana mmodzimmodzi. Potuluka anandikokera pambali n'kunong'ona kuti pali munthu wina anawathawira ndi lendi ya miyezi ingapo, kaya ndingaunikeko. Ndinawakumbutsa kuti izi ndi zokongoletsa za ku Austria. Anati akudziwa, ndipo abwera Lachinayi ndi nkhuku, kungoti ndiwauze ngati ikhale yoyera kapena yakuda.

Ndawauza kuti mtundu ulibe kanthu, bola ikhale yonenepa, ndipo asaiwale tomato ndi anyezi.