Alamu, Bambo Brown andiphunzitsa upolisi

Randburg, Johannesburg

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Chisitu pamodzi ndi achemwali ndi ana. Ine kuno ndilipo, kungoti chisanu cha Juni chikuluma ngati ndagona pa Sapitwa wopanda bulangeti.

Ntchito ndi yomwe ija ya m'gadeni kwa gogo wachizungu uja. Masiku ano mawondo akuwavuta, ndiye ikakwana nthawi ya tiyi amandiitana kuti ndiwakhazike pampando, ine n'kukhalira pomwepo kuonera nawo filimu yawo ya pa TV. Dzina lake ndi Father Brown. Amaipanga a BBC kuyambira 2013, ndipo amene amavala mkanjo wa unsembewo ndi Mark Williams. Gogowo akuti nkhanizi zinayambira m'mabuku a G.K. Chesterton, loyamba la 1911, agogo athu asanayambe n'komwe kutchola tiyi kuesiteti.

Alamu, wansembe ameneyu ndi bambo mfumu wa kamudzi kotchedwa Kembleford, m'zaka za m'ma 1950. Kamudziko n'kochepa, anthu ake onse sangadzaze msika wa Limbuli, koma ulendo uliwonse ndikaonera pamakhala maliro, ndipo si a malungo ayi. Wina amuthirira poizoni, wina amukankha pamasitepe, wina amupeza ali gone m'maluwa. Kukanakhala kwathu, adzukulu akanatha makasu ndipo anyakwawa akanathawira ku Milange. Koma iwowa m'mawa mwake amangovala zipewa n'kupita ku mpikisano wa makeke.

Bambowo ali ndi chipewa chakuda, ambulera ndi njinga yakapalasa. Atati atulukire nayo pa Chitakale, akabaza angawafunse kuti alembetsa liti pa siteji. Misa sindikudziwa kuti amachita nthawi yanji, chifukwa wapolisi akamafika pamalo a ngozi amapeza iwo afika kale, akununkhiza kapu ya malemu. Wapolisiyo amakwiya, amawathamangitsa, kenako amamanga munthu wolakwika. Sanaphonyepo. Kumbuyo kwawo kumakhala Mayi McCarthy, mlembi wa parishi, amene amanyadira masikono awo ngati mmene achemwali amanyadira kalongonda wawo.

Chimene chandigwira mtima ndi kafufuzidwe kake. Sakalipa, samenya munthu mbama. Amangomwa tiyi (mwina ndi wa kwathu komwe) uku akuyang'ana tinthu ting'onoting'ono: matope pansapato, batani lothothoka, munthu amene akulira mopitiriza muyeso. Akamudziwa wolakwayo sathamangira kupolisi. Amakhala naye pansi n'kumuuza mofatsa kuti alape, apite yekha akadzipereke.

Ndiye nditaonera kwa miyezi itatu, usiku wina ndinatenga foni n'kuyambanso kuwerenga mauthenga anu a pa WhatsApp.

Mukukumbuka kuti nyumba ya amayi itasasuka ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 ndinayamba kutumiza ndalama za malata 24. Munandiuza kuti mwagula ku Limbe, koma akuba abwera usiku n'kuwanyamula onse. Ndinalira, alamu. Inunso munalira pa voisi noti mphindi zinayi zathunthu, ndipo Bambo Brown akanayambira pomwepo kukanda chibwano.

Malata 24 si nkhuku yoti n'kuibisa m'jekete. Amalira ngati ng'oma ya tchopa ukangowakhudza, ndipo galu wanu uja amauwa ngakhale tsamba la nthochi likagwa. Usiku umenewo akuti anagona tulo. Kenako ndinakulitsa chithunzi chija munatumiza cha ana atanyamula zinanazi. Kuseri kwa mtengo wa mapeyala kukuoneka tayala, pamwamba pake kagalasi konyezimira. Njinga yamoto, alamu, mpando wake ukadali m'pulasitiki. Munati ndi ya mlendo. Mlendo ameneyu wakhala pakhomopo kuyambira Isitala, chifukwa ili m'zithunzi zitatu, ndipo m'chachitatucho makiyi ake akulendewera pa lamba wanu.

Ndinawaonetsa gogo aja. Anavala magalasi, n'kunena kuti ngakhale wapolisi wa ku Kembleford mlandu uwu akanaukhoza.

Musaope, sindiuza amalume, ndipo kwa amfumu sindipitako. Ndikutsata njira ya Bambo Brown. Loweruka likubwerali mupite kuparishi mukalape, popeza wansembe saulula zimene wamva mu kulapa. Mupite pa njinga yomweyo kuti musachedwe. Kuyambira Lolemba iyambe kunyamula anthu pakati pa Chisitu ndi Nkando, ndipo ndalama ya tsiku lililonse izikagona kwa achemwali mpaka malata 24 akwane mvula isanagwe.

Ine ndibwera pa Khirisimasi. Mudzandichingamire pa siteji ndi njingayo, ndipo musadzanditchulire mtengo wa petulo. Pulasitikiyo muchotse, imaterera.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni