Alemekezeke a Waya Amfundo

Mwa antchito onse a ku Tsangano ndi ku Macanga amene amakhetsa thukuta popanda wowathokoza, palibe woposa waya wa sipika. Sindikunena watsopano uja wa m'kapepala konyezimira ayi. Ndikunena mkulu wodukaduka uja, wolumikizidwa paliponse, kuno wofiira uko wakuda, chigawo china chochokera ku ayironi imene inapsa kalekale, china ku tchaja ya foni, pamfundo pokulungidwa ndi jumbo ya shuga kapena mphira wa chubu cha njinga. Alimi a mbatatesi ndi tirigu amatamandidwa pamisonkhano. Alimi a fodya a ku Furancungo nawo amawomberedwa m'manja nyengo yogulitsa ikafika. Koma amene amanyamula mawu a wotamanda kukawatula m'makutu mwa wotamandidwa amangopondedwa ndi ana, mwambo ukatha n'kukulungidwa pachigongono, n'kuponyedwa m'thumba la feteleza. Lero ndati ndivule chipewa, ndigwade: wawa, a Waya Amfundo.

Akuluwa sasankha ntchito. Loweruka m'mawa ali kwa a Sabata, madzulo ake ali pachinkhoswe, Lamulungu akuthandiza kwaya, Lolemba ali pamaliro kulengeza mayina a opereka chipepeso, usiku ali m'kanyumba ka kanema kumene Matchaina akumenyana mu Chichewa. Tsiku la msika pamalire, kaya pa Biriwiri kaya pa Tsangano Turn-off, kumene kwacha ndi metikali zimagona m'thumba limodzi, ndi iwo amene amakuwa m'malo mwa wogulitsa mankhwala a makoswe. Pasipoti alibe, ndipo palibe anawafunsapo. Pulayala saidziwa, amasendedwa ndi mano. Pulagi kwa iwo ndi mwano, timitengo tiwiri ta machesi n'tokwanira kuwakhazika mu soketi.

Amalembanso anthu ntchito, chinthu chimene mabungwe ambiri chikuwakanika. Pamwambo uliwonse pamakhala kamnyamata kamene udindo wake ndi kugwira waya. Nyimbo ikangoti zii, DJ amakuwa: “Iwe, tagwedeza pamenepo!” Mwana uja amapinda, kukweza, kupotokola, mpaka sipika n'kutsokomola n'kuyambanso. “Eya, pomwepo! Usasunthe!” Basi, mwana wa eni waima chilili, dzanja lili m'mwamba, mpaka akwati atadula keke. Anzake akudya mpunga, iye akugwira chitukuko.

Tsono ndamva kuti akuluwa ali ndi abale awo kunja, ophunzira kwambiri, amene sadziwa n'komwe kuti kuno kuli mbumba yawo. Ku America ndi ku Ulaya kuli anthu okonda nyimbo mopyola muyeso, amene amagula waya pa ndalama zoti n'kugulira galimoto. Malondawa anakula kuyambira mu 1979, pamene Noel Lee anatsegula kampani ya Monster Cable ku San Francisco n'kuyamba kuuza anthu kuti waya wamba akuwabera kukoma kwa nyimbo. Ena ataona kuti anthu akutulutsa ndalama, anakwezeratu. Mu 2007 kampani ya Pear Cable inkagulitsa mawaya awiri a sipika otchedwa Anjou, osakwana n'komwe mamita 4, pa madola 7,250. Wolemba wina atawamvera anati ndi mawaya ovinitsa. James Randi, mkulu amene anathera moyo wake akuyalutsa onamizira zozizwitsa, anati ali ndi madola 1 miliyoni oti apatse amene angasiyanitse mawayawo ndi a Monster pogwiritsa ntchito makutu okha, osaona amene walumikizidwa. Kunali kukokanakokana ndi kunyozana, mayesowo osachitika, ndalamazo osatengedwa. Wolemba uja akanabwera ku Macanga fodya atagulitsidwa akanamuona waya wovinitsa weniweni, wa ayironi yakupsa, amene amadzutsa fumbi paukwati mpaka apongozi kuiwala manyazi.

Koma chimene chimandithyola nthiti ndi kamuvi.

Ambiri mwa mawaya odulawa amajambulidwa kamuvi pakhungu, kolozera kumene nyimbo ziyenera kulowera. Mukalumikiza chozondoka, ati, mawu amafika otopa. Mu 2008 kampani ya Denon inkagulitsa waya wa mita imodzi ndi theka, wa mtundu womwe uja wolumikizira makompyuta, pa madola 499, timivi tili pompo. Taganizani, abale anga. Nyimbo yachoka mu situdiyo ku Lilongwe kapena ku Maputo, yadutsa m'makompyuta, yakwera nsanja ya foni, yatsitsidwa pa memori khadi ndi mnyamata wa pamsika, yagona m'thumba la malaya pamodzi ndi mtedza, yakwera kabaza, osasochera ngakhale kamodzi. Ifike pa mita yomaliza, pakati pa ampulifaya ndi sipika, pamene palibe mphambano ndi imodzi yomwe, ndiye iime n'kumafunsa njira?

Magetsi a nyimbo sayenda ulendo wolowera kumodzi. Amapita n'kubwerera, ngati sowo ya anthu awiri ocheka matabwa, uyu akakoka uyo n'kukokanso. Besi ikamagunda pachifuwa amatero maulendo 50 kapena 60 pa sekondi, mawu osongoka a gitala ndi mbale za ng'oma maulendo masauzande. Kupita ndi kubwerera kumeneko n'kumene kumakankha ndi kukoka pepala la sipika kuti litulutse mawu. Ndiye kuti kamuvi kaja kamanena zoona theka la nthawi, theka linalo kakunama. Tisakanyoze kwambiri: alipo anthu amene timawavotera oti pa theka pomwepo sanafikepo.

Mawaya ena kamuvi kawo kali ndi chifukwa. Chophimba cha m'kati, chotchinga phokoso la magetsi ena, chimalumikizidwa mbali imodzi yokha, ndiye pafunika chizindikiro. Koma chifukwa chotere sichigulitsa malonda. Otsatsa amakonda kunena kuti mkuwawo uli ndi mbali imene unazolowera kuyambira tsiku limene unakokedwa ku fakitale. A Waya Amfundo zimenezo sazidziwa. Alumikizeni chakumutu, alumikizeni chakumiyendo, amagwira ntchito chimodzimodzi, akafuna kukana amakananso chimodzimodzi. Ndipo utoto umene ukuthera pa timivi timeneti bwenzi atatigawirako ife. Mlendo wopita ku Chidzolomondo kapena ku Ntengo wa Mbalame akafika pamphambano amadalira amayi a pachitsime kuti amulozere, pamene nyimbo ya ku London ili ndi zikwangwani pa mita iliyonse.

Mu 2015 atolankhani a Ars Technica, mothandizana ndi bungwe la James Randi, anakhazika anthu pansi ku Las Vegas n'kuwaimbira nyimbo yodutsa mu waya wa AudioQuest wa madola 340, watimivi, ndi yodutsa mu waya wa madola awiri ndi theka. Ambiri sanathe kusiyanitsa. N'zosadabwitsa. Khutu la mwana limamva kuyambira kugunda 20 mpaka 20,000 pa sekondi, ndipo malire a pamwambawo amatsika munthu akamakula. Pofika msinkhu woti ali ndi madola 7,250 oseweretsa, mawu amene akuwagulira wayayo khutu lake linasiya kale kuwamva.

Ife a ku Tete nkhani ya mawaya aatali sitichita kuuzidwa. Pa Cahora Bassa pamapangidwa magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo ambiri mwa iwo amachoka pa Songo n'kuyenda makilomita pafupifupi 1,400 mpaka pa siteshoni ya Apollo kufupi ndi Johannesburg. Amayenda pa nthambo za aluminiyamu zapamtetete, zonyowa ndi mvula, zopsa ndi dzuwa. Akafika kumeneko amadutsa m'mathiransifoma, m'mawaya a m'misewu, m'mawaya a m'khoma amene womanga nyumba anagula otchipitsitsa. Kenako bwana wina amagula chingwe cha mita imodzi chodula kuposa ng'ombe ziwiri, kuti magetsiwo alowe mu ampulifaya ali oyera. Zikomo bwana. Ife eni chigawo chimene magetsiwo akuchokera, m'midzi yambiri tikuimbabe nyimbo ndi batire la galimoto ndi kasola kotsamiritsa padenga, mitambo ikachita mdima kwaya n'kubwerera ku mawu a pakamwa.

Matenda a kunjawa afika ndithu pamisika yathu, kungoti afika atavala zotchipa. “Orijino uyu bwana, wa golide, onani mutu wake!” Golide wa pamutuyo, ngati alipo n'komwe, ndi wopyapyala kwambiri moti wokumba golide wa m'mapiri a kumpoto kwa Tete sangataye nthawi kumukanda. Ndipo pa kuyendetsa magetsi golide si mfumu: patsogolo pali siliva, kenako mkuwa, golide ndi wachitatu, aluminiyamu pambuyo pake. Ubwino wake ndi umodzi, sachita dzimbiri, choncho amathandiza pamene zitsulo ziwiri zikukhudzana. Kukometsa mawu a woimba wosatha kuimba sangathe. Chimodzimodzi mkuwa wotchedwa wopanda okosijeni: wamba uja ndi woyera kale 99.9 peresenti, wodulayo 99.95 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo magetsi amayenda pafupifupi mofanana monsemo. Malole a mkuwa wa ku Zambia amene amalowera pa Cassacatiza kupita ku Beira anyamula katundu mmodzi yemweyo. Wina akathera mu waya wa madola masauzande, wina adzabwerera kuno m'ayironi, adikire tsiku lake lokwezedwa pa udindo.

Ulemu wanga waukulu kwa a Waya Amfundo uli pa nkhani ya misonkhano. Akabwera akuluakulu ochokera kuboma, magalimoto ndondondo, ana asukulu atakhala padzuwa kuyambira m'mawa, woyendetsa mwambo amayamba ndi “Alô, alô, som, som,” zonse zili bwino. Malonje amveka. Mayina a olemekezeka onse amveka, ndi maudindo awo omwe. Koma mlendo wamkulu akangofika pakuti, “Ndipo msewu uwu, ndi magetsi omwe, chaka chamawa tidza...” akuluwa amadula. Zii. Pakamwa pakuyenda, manja akuuluka, mawu kulibe. Anthu amati ndi tsoka. Ine ndimati ndi chikumbumtima. Mkulu amene wanyamula lonjezo lomwelo chisankho ndi chisankho, malole a mbatatesi akutitimirabe m'matope dzinja lililonse, ali ndi ufulu wokana kulinyamulanso. Waya wa madola 7,250 akanalifikitsa lonse bwinobwino, ndi besi yomwe, ndipo tikanawomba m'manja.

Pano ndisiye kaye nthabwala, chifukwa bodza limene likutipweteka ife si la kamuvi. Ndi la waya wooneka wofiira kunja, m'kati muli aluminiyamu wongopaka mkuwa. Pachikuto alemba zazikulu, pulasitiki wonenepa bwino, mukasenda mupeza timaulusi towerengeka. Aluminiyamu amayendetsa magetsi pafupifupi 61 peresenti ya mmene mkuwa umayendetsera, amathyoka msanga mukamupinda, ndipo pamfundo amachita nkhungu yoyera. Pa sipika vuto lake ndi mawu ofooka basi. Koma pa sola ya mavoti 12, pamene inveta imakoka magetsi ambiri, waya wowonda amadya mphamvu panjira n'kumatentha, ndipo ambirife timamudutsitsa m'denga laudzu, pamwamba pa ana ogona, popanda fyuzi. Mfundo zimene ndakhala ndikuzitamandazi nazonso ndi pamene moto umayambira zikakhala zolobodoka, ndipo timitengo ta machesi tija mu soketi ya magetsi enieni tapha anthu. Oyang'anira katundu wolowa m'dziko amadziwa kuwerenga matumba a chimanga pa njinga ya munthu wosauka, koma mipukutu ya mkuwa wabodza imadutsa pamaso pawo osaikanda ndi chikhadabo chomwe.

Zofunika pa waya n'zochepa, ndipo palibe chimene chimafuna madola: akhale wamkuwa weniweni, wonenepa mokwanira, wosatalika mopanda chifukwa, womangidwa zolimba pamapeto. Popita kumsika tengani kampeni. Kandani ulusi umodzi wogulitsa akuona. Mukaona zoyera m'kati, bwezani, ngakhale alumbire pa manda a agogo ake.

Chatsala ndi chiphunzitso chimodzi cha abale a kunja aja chimene chapeza wokhulupirira pafupi ndi nyumba yanga. Otsatsa amati waya watsopano sakoma msanga, ayenera kuimbidwa maola ambirimbiri kuti akhwime. Achimwene a kuseri kwa mpanda wanga, chigulireni sabuwufa ndi ndalama za fodya, akhala akukhwimitsa waya wawo usiku uliwonse, ndi nyimbo zitatu zomwezomwezo, mpaka atambala. Achimwene, ndikutsimikizireni pamaso pa owerenga onse: wayayo anakhwima. Anakhwima kalekale, mudzi wonse ndi mboni, agalu omwe akudziwa. Ikakwana 10 koloko usiku tsitsani voliyumu, ena m'mawa timalawirira kukapopera mbatatesi.