Ekizozi ya a Bwana

Pa makhalidwe onse amene mzinda waphunzitsa ana ake, palibe lozika mizu ngati ili, lakuti mmisiri wa m'mphepete mwa msewu, ngakhale mutamtengera chinthu chimene sanachionepo chibadwire, sadzatsegula pakamwa kuvomera kuti ntchitoyo yamkulira, koma adzachitembenuza uku ndi uku, nachigogoda ndi sipanala, napukusa mutu mwachifundo, nati, "Zazing'ono izi, bwana, khalani pamthunzipo."

Ndipo kunali tsiku Loweruka, ku Biwi mu Lilongwe, kumene galimoto zakufa zimapatsidwanso mpweya, kunafika a bwana ena ndi Subaru yochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, imene mwini wake woyamba anaiveka ekizozi ya titaniyamu. A bwanawa sanaikondere kupepuka kwake, chinkana titaniyamu imangopitirira pang'ono theka la kulemera kwa chitsulo. Anaikondera kulira kwake, kumene kunkadziwitsa anansi onse pakati pa usiku kuti mwini nyumba afika, ndiponso nsonga yake ya buluu, imene ankaipukuta ndi mpango wawo wa m'thumba. Koma hampu ilibe tsankho, ndipo inaithyola pa mfundo.

Asanagwetse n'komwe mtengo, khamu linali litasonkhana, pakuti m'tauni uphungu sulipitsidwa. Wakabaza wina anaikapo maginito, ndipo ataona kuti sakugwira, anagamula kuti a bwana anagulitsidwa chitini. Mmisiri anakhudzitsa galayinda, ndipo taonani, kunathetheka moto woyera mbee, wothobwa m'maso, kotero kuti mayi wa mandasi anasuntha beseni lake. Koma mmisiriyo, wosagwedezeka, anafotokozera anthu kuti zitsulo za ku Japan zimatero nyengo yotentha.

Tsono titaniyamu ili ndi mwambo wake. Anaitulukira William Gregor, mbusa wa mpingo ku Cornwall, m'chaka cha 1791, ndipo kapena n'chifukwa chake imadana ndi chodetsa chilichonse. Imasungunuka pa madigiri 1,668, koma isanafike n'komwe pamenepo, ikangopsa kwambiri imayamba kumwa okosijeni ndi nayitrojeni za mumpweya, ndipo ikazizira imasanduka yophweka kusweka. Woiwotcherera moyenera amayamba waitsuka ndi asetoni, osaigwiranso ndi chala chamafuta. Amagwiritsa makina a TIG ndi waya wa titaniyamu yemweyo. Amaphimba motowo ndi gasi wa argon kunja, nadzazanso gasiyo m'kati mwa paipi atatseka kukamwa kwake. Ndipo amachita zonsezi m'nyumba yopanda mphepo, osati pansi pa mtengo wa mango mwezi wa Okutobala, kamvuluvulu akuvina pabwalo. Chitsulo wamba sichigwirana nayo konse, monga chitsulo ndi dongo pa mapazi a fano lija analota Nebukadinezara.

Chomvetsa chisoni, kapena choseketsa, n'chakuti rodi wamba amene mmisiri wathu anasolola m'thumba la ovolosi amakutidwa ndi rutile, ndiwo mwala umene titaniyamu imachokeramo, womwewo umene wapezeka wochuluka m'nthaka ya ku Kasiya, kuno kwathu komwe. Anali abale ndithu, koma chibale chokha sichilumikiza paipi.

Mmisiri anayatsa makina, atavala magalasi a dzuwa a pamsika, ndipo panatuluka utsi ndi kuthetheka kwakukulu. Atachotsa dzanja, mfundoyo inali yotuwa ngati phulusa, ndi m'mbali mwake buluu wowala. Akatswiri amawerenga mitunduyi motere: yasiliva ndiyo yabwino, yachikasu chotumbuluka ivomerezeka, ya buluu ikayikitsa, yotuwa ndi yoyera yafumbi ndiyo yakufa. Koma khamu linaomba m'manja, ndi a bwana omwe anakondwera kuti buluuyo wafanana ndi wa kunsonga, nawonjezerapo ya fanta. Chikomekome cha mkuyu. Kamawu kakuti "thee," kamene kanamveka chitsulo chikuzizira, mmisiri anakatanthauzira kuti ndiko kukhazikika kwa ntchito.

A bwana sanafike n'komwe pa mlatho wa Lilongwe. Anabwerera ekizozi ikukwekwereza pansi, ana akuithamangira, ndipo mlandu unazengedwa pomwepo: ena anatsutsa hampu, ena petulo wa masiku ano, ndipo mayi wa mandasi anafunsa motsitsa mawu ngati a bwana alibe mnansi wanjiru. Mmisiri yekha ndiye sanatchulidwe, pakuti si ulemu kunyoza munthu pa malo ake a ntchito.

Pamenepo nkhalamba ina, imene inagwirapo ntchito m'mafakitale a ku Johannesburg, ndipo inakhala chete nthawi yonseyi chifukwa palibe anaifunsa, inalongosola za argon, niwauza kuti apite kwa a makina otere ku Kanengo. A bwana atamva kuti mtengo wake sungafanane ndi wa pansi pa mango, anakumbukira mwadzidzidzi kuti mwezi uli pakati.

"Achimwene," anatero kwa mmisiri uja, "mulibe kawaya pamenepo, tingomangirira kaye?"

"Kawaya kalipo, bwana, koma n'kochokera kunja, muwonjezerapo pang'ono."