Korneliyo wakana kupita ku Misa

Ndi Loweruka madzulo m'mwezi wa Julaye, ndipo nkhungu ya ku Bembeke yatsika kale mpaka pakhomo. Agogo a Nangozo ali m'khitchini, akuotcha mbatatesi paphulusa. Mdzukulu wawo Korneliyo, yemwe anamaliza maphunziro ku Chanco ku Zomba ndipo akukhala ku Area 25 mu Lilongwe, wavala majekete awiri koma mano akugundanabe.

AGOGO: Sendera kumoto kuno amunanga, ungandifere ndisanadye ndalama za digiri yako. Malaya oyera aja ndakusitira. Mawa tipita ku Misa yoyamba.

KORNELIYO: Agogo, pali nkhani ndimafuna ndikuuzeni, koma musakhumudwe.

AGOGO: Wapereka mimba.

KORNELIYO: Ayi!

AGOGO: Watenga katapila.

KORNELIYO: Ayinso. Ine zakutchalitchi ndinasiya. Sindikhulupiriranso.

AGOGO: Basi? Ndiye undidzidzimutse ngati ng'ombe zalowa m'dimba? Tenga iyi yapsa, Korneliyo.

KORNELIYO: Dzina limenelonso ndinalisiya, n'lachitsamunda. Pa Facebook ndine Mwana wa Nthaka.

AGOGO: Mwana wa nthaka ndi mbatatesi. Iwe ndinakulandira ine ndi manja angawa, sindinakukumbe ndi khasu. Ndipo dzinalo ukuliyesa la mzungu? Ndinakutcha dzina la Ambuye Korneliyo Chitsulo, munthu wakuda bii ngati iwe ndi ine. Mmalawi woyamba kukhala wansembe wa Katolika, 1937. Woyambanso kudzozedwa uepiskopi, 1957, konkuno ku Dedza, Bwanamkubwa wachizungu akadali phwii ku Zomba kwakoko. Ndiye amene anandipatsa ulimbitso ine. Anamwalira 1984, ndinalira ngati bambo anga.

KORNELIYO: Zimenezo sizisintha kanthu. Chipembedzochi n'chobwera. Anabwera nacho ndi azungu.

AGOGO: Ndakana ngati? Anafika ku Mua 1902, malungo ndi kutentha zitawakola anakwera phiri kudzamanga kuno 1910. Amayi anga ankati ankayenda ndi ndevu zofika pachifuwa, Chinyanja chake chothyokathyoka ngati nkhuni zonyowa. Koma tandiuza, iwe wophunzira, chimene ukutafunacho kwawo n'kuti?

KORNELIYO: Mbatatesi? Inachokera ku South America, cha ku Peru.

AGOGO: Bweza.

KORNELIYO: Agogo!

AGOGO: Bweza, n'chobwera. Nanga chimanga?

KORNELIYO: Ku Mexico.

AGOGO: Ndiye mawa nsima usadye. Ndikuphikira mapira ndi bonongwe, ukhale Mwana wa Nthaka weniweni.

KORNELIYO: Musandizembe. Mbatatesi sinaletse munthu kuvina. Amishoni anafika n'kunena kuti gule ndi wa Satana, nsembe za makolo n'zachikunja. Anatichititsa manyazi ndi zathu zomwe.

AGOGO: Apo walasa, sindikutsutsa. Malume anga anawaletsa masakramenti chaka chathunthu chifukwa chowapeza akuonerera gule pamaliro a mchemwali wawo. Mchemwali wawo weniweni, bere limodzi! Zinali zolakwika, ndipo ndinanena ndili mtsikana, ndikunenanso lero. Koma tsikira ku Mua ukaone. Bambo Boucher anatsegula KuNgoni 1976, zigoba za gule zadzaza nyumba yonse pamishoni pomwepo. Ena mwa anzanga a Legio amang'ung'udza nazo mpaka pano. Ine ndimati zinatenga nthawi, koma mlendo anaphunzira kugogoda.

KORNELIYO: Mochedwa. Ine ndikubwerera ku chipembedzo cha makolo.

AGOGO: Makolo ake ati? Agogo ako aamuna anali Angoni a kwa Kamenyagwaza, ankavina ngoma ndi chishango. Kwa amayi anga ndi Achewa a gule. Ngati ukufuna akuchikaziwo palibe vuto, Lolemba ndikuperekeza kwa asuweni anga akakulowetse kudambwe.

KORNELIYO: Eee... sindikutanthauza kulowa kwenikweni. Ndikunena za nzeru zake, maganizo ake.

AGOGO: Wakumbukira tsiku lija unalowa kunsi kwa bedi utamva kapoli akulira kumsewu? Tinakutulutsa ndi chigwirira cha tsache.

KORNELIYO: Ndinali ndi zaka 6.

AGOGO: Unali ndi zaka 15, uli Fomu 2. Makolo amene ukuwafunawo ndi a m'buku, amunanga, osaluma. Enieniwo amafuna mowa, amafuna nkhuku, ndiponso ukasowa pamaliro amafunsa.

KORNELIYO: Chabwino, tisiye zimenezo. Chachikulu n'chakuti mpingo umagoneka anthu tulo. Karl Marx anafanizira chipembedzo ndi mankhwala oledzeretsa. Wosauka azipemphera, asafunse chifukwa chimene feteleza wakwerera mtengo.

AGOGO: Bambo ameneyo analipo pa 8 Malichi 1992?

KORNELIYO: Anamwalira 1883.

AGOGO: Ndiye anaphonya. Lamulungu limenelo tinalowa m'tchalitchi aliyense khadi la chipani lili pamfundo ya chitenje, chifukwa popanda khadi sunkalowa mumsika. Kenaka anayamba kuwerenga kalata ya maepiskopi. Za malipiro ochepa, za zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu. Wowerengayo pepala linkanjenjemera m'manja mwake, ife tinasiya ndi kutsokomola komwe. Konkuno ku Dedza, kwawo kwa a John Tembo! Boma linati kalatayo ndi youkira, wopezeka nayo amangidwe. Makina osindikizira ku Balaka anawayatsa moto. Bambo John Roche a ku Mzuzu anawathamangitsa m'dziko. Ndipo amene anaguba pamsewu kuikira kumbuyo maepiskopi anali ana a pasukulu yako yomweyo ya Chanco, mpaka sukulu inatsekedwa. Sanakuphunzitseni?

KORNELIYO: Tinaphunzira.

AGOGO: Ndiye tulo take ndi titi? Pa 14 Juni 1993 ambiri kuno anavotera tambala. Ine ndinavotera nyali. Agogo ako anamwalira akuganiza kuti tinavota chimodzi.

KORNELIYO: Za ndale zili apo. Nanga sayansi? Chilengedwe chinayamba ndi kuphulika kwakukulu zaka 13.8 biliyoni zapitazo. Palibe za masiku asanu ndi limodzi.

AGOGO: Zaka zimenezo ndi zambiri, sindingakutsutse, ine ndinalekeza Sitandade 4. Anayamba kunena ndani?

KORNELIYO: Georges Lemaître, wa ku Belgium.

AGOGO: Watsokomola bwanji? Ankagwira ntchito yanji?

KORNELIYO: Utsiwu, agogo.

AGOGO: Utsi ukupita uko. Ankagwira ntchito yanji?

KORNELIYO: Anali... wansembe.

AGOGO: Wa mpingo uti?

KORNELIYO: Tandipatsirani mchere.

Agogo aseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Aponya chitsononkho pamoto, aloza chitseko.

AGOGO: Tatsegula chitsekocho, utsekenso. Wamva chiyani?

KORNELIYO: Palibe.

AGOGO: Eya. Chakhala chikulira zaka zitatu. M'mawa muja pochapa zovala zako ndinapeza kabotolo ka mafuta m'chikwama, kali ndi chithunzi cha bambo wina wa suti yonyezimira. Ndathira pamahinjesi, chitseko chachira. Chozizwitsa chachitika m'nyumba mwanga!

KORNELIYO: Agogo! Mafuta amenewo ndi odzozedwa! Ndinagula K15,000!

AGOGO: Odzozedwa ndi yani, poti Mulungu kulibe?

KORNELIYO: Anali... mnzanga wina ndi amene anandikakamiza.

AGOGO: Mnzakoyo amavala diresi?

KORNELIYO: Amapemphera kwa mneneri. Anati ndikadzola pamakalata ofunsira ntchito anditenga. Anatinso Akatolika timapembedza mafano, kolona ndiitaye ngati ndikufuna banja.

AGOGO: Ndiye makalatawo anafika kumaofesi ali noninoni ngati pepala la mandasi.

KORNELIYO: Musaseke. Zaka zitatu, agogo. Ndinachita novena, ndinasala kudya, ndinapereka Misa. Anzanga amene sadziwa ndi khomo la tchalitchi lomwe akuyendetsa magalimoto ku Capital Hill. Ine ndikugulitsa mayunitsi pansi pa ambulera, digiri ili m'sutikesi. Kumowa amandiseka kuti mwana wa agogo, kutchalitchi kwa mtsikanayo amati ndili ndi ziwanda za kumtundu. Ndiye ndikagwada ndimangomva ngati ndikulankhula ndi denga. Nanga anthu oposa 1,000 amene anapita ndi namondwe wa Freddy mu 2023, onsewo sankapemphera?

AGOGO: Tsopano walankhula. Zija za Peru ndi Belgium unkangozungulira nkhokwe, khomo lake ndi ili. Za Freddy yankho ndilibe, ndipo ukadzapeza munthu amene ali nalo msangamsanga, udzagwire chikwama chako. Koma iwe ukuyesa kukayika unakutulukira ku Zomba? Ine ndinayamba iwe usanabadwe. Pakati pa 1993 ndi 1998 ndinaika ana atatu m'manda, matenda aja tinkaopa kuwatchula dzina. Abale anabwera usiku, amvekere mlamu, pakhomo pano palowa munthu, tiyeni tikaombeze. Ndinakana kawiri. Kachitatu kunamveka za mchape ku Machinga, 1995, malume ako wachiwiri ali gone pamphasa apo.

KORNELIYO: Inu munapita kumchape?

AGOGO: Pa lole, ndi zigubu ziwiri. Kunyumba ndinanama kuti ndikupita kumaliro ku Balaka. Titadutsa Lizulu ndinacheuka, ndinaona theka la mphakati wathu lili pa lole yomweyo, aliyense akupita kumaliro ku Balaka. Kufika kumeneko, anthu ngati nyerere. Pamzere patsogolo panga panali dazi lina lake ndinkalidziwa bwino. Ndinati, moni aphunzitsi a katekisimu. Iwo osacheuka, amvekere mayi mwandifanizira.

KORNELIYO: Ndiye mchapewo unagwira ntchito?

AGOGO: Tinamuika mwezi wotsatira. Ndipo ndinamukwiyira Mulungu, osati pang'ono. Chaka chathunthu sindinayimbe nyimbo, kolona ndinaipachika pamsomali.

KORNELIYO: Ndiye munasiya kupita ngati ine.

AGOGO: Ndani? Lamulungu lililonse ndinali pabenchi yachitatu, manja ndapinda, milomo ndatseka. Ndinkapita kuti andione kuti ndakwiya. Ukayambana ndi mwamuna suthawa pakhomo, umaphika nsima n'kukaiika patsogolo pake mwamphamvu, mbale imveke kuti gwa! Ukathawa adziwa bwanji kuti pali mlandu? Iwe wakwiya n'kukabisala ku Area 25, kusintha ndi dzina lomwe. Akafuna kukuyankha akakupeza kuti?

KORNELIYO: Nanga inu anakuyankhani?

AGOGO: Sindinamve mawu, ndisakunamize. Ndinkangoona m'mawa uliwonse amayi a mphakati akutula nkhuni pakhomo, wina ufa, wina akusesa, omwe aja a pa lole. Njala ya 2002 tinagawana gaga ndi omwewo. Tsiku lina ndinangozindikira ndikuyimba nawo, ndinadzikwiyira ndekha kuti aa, ndagonja liti? Mlanduwo sunathe, udziwe. Ndikadzafika kumeneko ndidzafunsa za ana anga, mmodzimmodzi, ndi mayina awo.

KORNELIYO: Nanga mukadzapeza kuti kulibe aliyense woti mumufunse?

AGOGO: Ndiye udzakhala utawina, koma sudzandipeza kuti undiseke. Usiku wina ndimaganiza zomwezo, makamaka bondo likamawawa. Kukacha belu likalira ndimadzuka. Mbatatesi ndimabzala chaka ndi chaka ndisanaione mvula, ndipo zaka zina chiwawu chimandipsereza munda wonse. Ukufuna ndidikire kalata yochokera kumwamba yokhala ndi chidindo?

KORNELIYO: Mfundo imeneyo ili ndi mabowo, agogo.

AGOGO: Bulangete langa lilinso ndi mabowo, koma usiku uno ulifuna. Ndikufunse, anzako a pa Facebook alipo angati?

KORNELIYO: 4,000 ndi kanthu.

AGOGO: Ndikafa abwera ndi makasu angati? Paja iwe ndiwe mdzukulu wanga, koma adzukulu enawo, okumba manda, sumawadziwa ndi mmodzi yemwe. Amene adzandiyimbire usiku wonse m'chisanu chino ndi omwe ukuti ali m'tulo.

KORNELIYO: Ndiye mukuti ndizipita kutchalitchi chifukwa cha maliro?

AGOGO: Ena anayambira pamenepo, ena anatsatira mtsikana wa kwaya, agogo ako anatsatira ine. Mulungu sanawafunse kuti mwalowera khomo liti. Za mtsikana wakoyo, umuuze abwere adzandione. Ndikamuonetsa zithunzi za m'tchalitchi mwathu, andiloze chimene anandiona ndikuchipatsa nsima.

KORNELIYO: Koma mawa sindilandira nawo, ndiponso sindiyimba.

AGOGO: Kuyimbako ndiye usayerekeze, mawu ako ndimawadziwa. Ukakhale kumbuyo, upinde manja, ukwiye bwinobwino ngati mdzukulu wa Nangozo. Ine chimene ndikufuna ndi phewa logwira pachitunda paja, ndodo yanga imaterereka ndi mame.

KORNELIYO: Ndikuperekezani chifukwa cha bondo lanu basi. Mumve bwino, chifukwa cha bondo.

AGOGO: Ndamva, Mwana wa Nthaka. Fotsera motowo ndi phulusa. Ndipo mafuta otsala m'kabotolo muja usatenge, wilibala nayonso ikulira.